Earl Warren: bwanamkubwa wa California pa nkhondo anakhala bwanji mkulu wa majaji asanaweruzepo mlandu?

Nangondo

Akuluakulu odziwa mbiri ya malamulo a ku America, ndithandizeni. Dzina la Earl Warren likutchulidwa pa zinthu ziwiri zimene zikukana kugwirizana. Kwina akuti ndiye mkulu wa majaji amene mu 1954 anagamula kuti tsankho la m'sukulu za boma lithe. Kwina akuti ndi mmodzi mwa anthu amene anakakamira kuti anthu a mtundu wa Chijapani okhala ku California achotsedwe m'nyumba zawo n'kukatsekeredwa m'misasa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kodi ndi munthu mmodzi yemweyu? Ngati ndi yemweyu, mphamvu yochotsa anthu anaitenga kuti? Komanso akuti asanafike ku khoti lalikulu la dzikolo, Supreme Court, anali asanakhalepo jaji ngakhale tsiku limodzi. Zinatheka bwanji?

Chisale wa ku Ntcheu

Mayi Nangondo, ndi yemweyo, koma tsatani zaka bwino chifukwa ambiri amasokonezera pomwepa. Pamene anthu a Chijapani ankachotsedwa mu 1942, Warren sanali bwanamkubwa. Anali mlangizi wamkulu wa boma la California pa malamulo, udindo umene kumeneko anthu amachita kuvotera. Ubwanamkubwa anauyamba mu Januwale 1943, anthuwo ali kale kuseri kwa waya waminga.

Anabadwa pa 19 Malichi 1891 ku Los Angeles n'kukulira ku Bakersfield. Bambo ake anali ochokera ku Norway, ankagwira ntchito ku kampani ya njanji ya Southern Pacific, ndipo mayi ake anali ochokera ku Sweden. Zamalamulo anaphunzira ku Berkeley, anamaliza mu 1914. Kuyambira 1925 anali mkulu wozenga milandu ku Alameda County, kumene kuli mzinda wa Oakland, mpaka anapambana pa chisankho cha 1938 n'kukwera kukhala mlangizi wa boma. Ankadziwika kuti salandira chiphuphu ndipo saopa munthu: mkulu wa apolisi wa dera lomwelo anam'mangitsa pa mlandu wa katangale mu 1930. Gwirani chimenechi, kuti ntchito yake yeniyeni inali yozenga milandu, chifukwa zambiri za pambuyo pake zikuchokera pamenepa.

Mphamvu yochotsa anthu sinali yake. Japan itaphulitsa Pearl Harbor, doko la asilikali a America ku Hawaii, pa 7 Disembala 1941, Pulezidenti Franklin Roosevelt anasaina lamulo lotchedwa Executive Order 9066 pa 19 Febuluwale 1942. Lamuloli linapatsa asilikali mphamvu yolengeza kuti dera lakutilakuti ndi la nkhondo, n'kuchotsamo aliyense amene afuna. Amene ankatulutsa zilengezo zosamutsa anthu ndi General John DeWitt. Banja linkapatsidwa pafupifupi sabata imodzi kuti ligulitse kapena kusungitsa katundu, ndipo linkaloledwa kutenga zokhazo zimene linganyamule m'manja. Poyamba ankawaunjika m'mabwalo a mipikisano ya mahatchi ngati Santa Anita ndi Tanforan, ena n'kumagona m'makola momwe. Kenako anawagawa m'misasa 10, iwiri mwa imeneyi, Manzanar ndi Tule Lake, ili m'California momwemo. Onse anali pafupifupi 120,000, ndipo awiri mwa atatu alionse anali nzika za America zobadwira konko.

Mbali ya Warren inali yopereka zifukwa zooneka ngati zomveka. Analamula ozenga milandu a m'madera kuti ajambule mapu osonyeza minda yonse ya anthu a Chijapani, ndipo pa 21 Febuluwale 1942 anakaonekera pamaso pa komiti ya aphungu ya Tolan ku San Francisco atanyamula mapuwo. Mfundo yake yoyamba inali yoti mindayo yazungulira njanji, mabwalo a ndege, madamu ndi mawaya a magetsi, choncho si zangozi. Mfundoyi inali yobooka. Alimi a Chijapani ankapeza malo otsala amene ena anawakana, ndipo malo otere ndi omwewo a m'mphepete mwa njanji ndi pansi pa mawaya. Minda yambiri inalipo kale mabwalo a ndegewo asanamangidwe. Mfundo yachiwiri ndiye yoipitsitsa: anati poti palibe chiwembu chilichonse chimene chachitika, ndiye kuti anthuwo akudikira tsiku limodzi loti adzachite zonse pamodzi. Munthu wozenga milandu akanena kuti kusowa kwa umboni ndiwo umboni, wozengedwayo alibe pothawira. Ananenanso kuti Mjeremani ndi Mtaliyana ungathe kumuyesa n'kudziwa kukhulupirika kwake, koma Mjapani ayi. Ku Hawaii, kumene bomba linagwa ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu anali wa mtundu wa Chijapani, sanasamutse mtundu wonse. Apa pakuonetsa kuti nkhani sinali ya chitetezo chokha.

Ali bwanamkubwa kale, mu Juni 1943, anakanabe zoti anthuwo atulutsidwe. Anatembenuka mu Disembala 1944 asilikali atachotsa chiletso, ndipo anauza apolisi kuti ateteze obwererawo. Kupepesa poyera ali moyo anakana. Mawu odandaula nazo anatuluka mu 1977 m'buku la moyo wake, mwini wake atamwalira kale. Boma la America linapepesa mu 1988 ndipo linalipira $20,000 kwa aliyense wotsala ndi moyo.

Nabanda

Bambo Chisale afotokoza za misasa, ine ndiwonjezere za ubwanamkubwa, chifukwa popanda zimenezi simungamvetse chimene Pulezidenti Dwight Eisenhower, amene anam'sankha kukhala mkulu wa majaji, anaona mwa munthuyu.

Mu 1942 anagonjetsa Culbert Olson wa chipani cha Democratic. Nthawi imeneyo lamulo la California linkalola munthu kupikisana pa zisankho zachipulula za zipani zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo pa pepala lovotera sankalembapo chipani cha munthu. Warren, wa Republican, anagwiritsa ntchito mpata umenewu mwaluso moti mu 1946 anapambana chipulula cha zipani zonse ziwiri, chisankho chachikulu chinangokhala chamwambo. Mu 1950 anagonjetsa James Roosevelt, mwana wa pulezidenti uja, ndi mavoti oposa 1 miliyoni. Ndiye yekha amene anasankhidwa katatu kotsatizana pa mpando umenewu. Lamulo lopikisana mbali ziwirilo linathetsedwa mu 1959. Phindu lake kwa iye linali loti analibe ngongole kwa akuluakulu a chipani, ndiye ankalemba ntchito anthu a mbali zonse.

Vuto la California pa nkhondo silinali kusowa ndalama koma kuchuluka kwa anthu. Mu 1940 kunali anthu 6.9 miliyoni, pofika 1950 anali 10.6 miliyoni. Ankabwera kudzagwira ntchito ku mafakitale a ndege ngati Lockheed ndi Douglas, ndi kumalo okhomera zombo a Kaiser ku Richmond, amene anatulutsa zombo 747. Msonkho unkalowa wambiri, koma zitsulo, simenti ndi amisiri zonse zinali ku nkhondo, boma silikanatha kumanga kanthu. Warren anachita ziwiri. Anatsitsako msonkho wa pogula zinthu mu 1943, kuchoka pa 3 kufika pa 2.5 peresenti, ndipo ndalama zotsala anazisunga m'thumba lapadera lodikira kuti nkhondo ithe. Mapulani a sukulu, zipatala ndi ndende anajambuliratu. Choncho asilikali atabwerera komanso mafakitale a nkhondo atayamba kuchotsa anthu, ntchito zomanga zinayamba msanga. Mu 1944 anaphatikiza ndende zonse pansi pa nthambi imodzi ya boma, m'malo moti ndende iliyonse iziyendera yokha. Mu 1947 anakakamiza aphungu kukweza msonkho wa petulo kuchoka pa masenti 3 kufika pa 4.5 pa galoni, makampani a mafuta akukana, ndipo misewu ikuluikulu ya California inayambira pa ndalama imeneyi.

Chimene chinam'kanika ndi inshuwalansi ya zaumoyo. Mu 1945 anabweretsa bilu yoti pa malipiro a wantchito pazidulidwa 1.5 peresenti, bwana wake aziwonjezerapo 1.5 ina, kuti banja lizilandira chithandizo. Bungwe la madotolo linalemba ganyu kampani ya Whitaker ndi Baxter, yomweyo imene inam'thandiza pa kampeni ya 1942, kuti iipitse biluyo m'manyuzipepala. Biluyo inafera mu komiti. Cholakwika chake chinali choti anaganiza kuti madotolo agwirizana naye atangokambirana ndi ochepa, osakonzeratu mavoti m'nyumba ya malamulo.

Pa funso lanu la tsankho, pali ichi. Mu 1947, makhoti atagamula mlandu wa Mendez wokhudza ana a mtundu wa ku Mexico, Warren anasaina lamulo lofafaniza ndime zimene zinkalola sukulu zapadera za ana a Chitchaina, Chijapani ndi Amwenye a ku America. Panali patapita zaka zisanu zokha kuchokera pa mapu aja.

Loya Wopuma

Funso lachiwiri, la kusakhalapo jaji. Malamulo aakulu a America sanena chilichonse za maphunziro, zaka kapena luso la munthu wopita ku Supreme Court. Pulezidenti amatchula dzina, nyumba ya Seneti ivomereze, basi. Kwathu kuno malamulo amafuna kuti munthu akhale woti anakhalapo jaji kapena wakhala loya zaka zosachepera 10, ndipo mkulu wa majaji amavomerezedwa ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu. Kumeneko mwambo wosankha majaji okhaokha ndi wa posachedwapa. Pa anzake 8 amene Warren anawapeza, Hugo Black, Harold Burton ndi Sherman Minton anakhalapo maseneta, Robert Jackson ndi Tom Clark anali alangizi aakulu a boma pa malamulo, Felix Frankfurter anali mphunzitsi wa ku Harvard. Iye sanali mlendo pakati pawo.

Njira yake inayenda chonchi. Mu 1948 anaima ngati wachiwiri kwa Thomas Dewey pa chisankho cha pulezidenti, Pulezidenti Harry Truman n'kuwagonjetsa. Mu 1952 anafuna kuimira chipani koma mwayi unagwera Eisenhower, amene atapambana anam'lonjeza mpando woyamba kupezeka ku khoti. Pa 8 Seputembala 1953 mkulu wa majaji Fred Vinson anamwalira mwadzidzidzi. Eisenhower sankaganizira za mpando waukuluwo polonjeza, koma Warren anaumirira kuti woyamba ndi woyamba. Seneti inali pa tchuthi, ndiye pulezidenti anagwiritsa ntchito mphamvu yoika munthu mongogwirizira. Warren analumbira pa 5 Okutobala 1953, ndipo Seneti inadzam'vomereza pa 1 Malichi 1954. Kutanthauza kuti mlandu wa Brown, uja wa tsankho la m'sukulu za boma, anaumva asanatsimikizidwe pa mpando.

Mkulu wa majaji ali ndi voti imodzi mwa 9, ngati wina aliyense. Zida zake ndi ziwiri zokha. Pa msonkhano wachinsinsi wa majaji amayamba ndiye kulankhula, choncho amakonza mmene funso limvekere. Ndipo akakhala mbali ya ochuluka, amasankha amene alembe chigamulo. Kwa munthu wozolowera kusonkhanitsa mavoti a aphungu, zida ziwirizi n'zokwana.

Mlandu wa Brown unamvedwa koyamba mu Disembala 1952, Vinson alipo, ndipo majaji anagawikana. Anauitanitsanso mu Disembala 1953, loya wamkulu wa odandaula ali Thurgood Marshall. Pa msonkhano, Warren anayamba n'kunena kuti kulekanitsa ana kungaime pokhapokha munthu atakhulupirira kuti wakuda ndi wotsika, ndipo iye sakhulupirira zimenezo. Aliyense wofuna kutsutsa anayenera tsopano kuvomereza chikhulupiriro chimenecho pamaso pa anzake. Kenako anapempha kuti pasakhale kuvota tsiku limenelo. Apa ndiye panali nzeru, chifukwa jaji akangotchula voti yake amayamba kuiteteza. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kwa miyezi ingapo ankakambirana ndi mmodzimmodzi, pa nkhomaliro ndi m'maofesi mwawo. Funso la mmene chigamulo chidzatsatidwire analichotsa n'kulisungira chaka chotsatira, kuti oopa chipwirikiti asathawe. Chigamulo analemba yekha, chachifupi, m'mawu oti nyuzipepala isindikize chonse, chosanyoza anthu a zigawo za kum'mwera, kumene tsankholi linazika mizu. Womaliza kugonja anali Stanley Reed wa ku Kentucky. Jackson, amene anali m'chipatala ndi matenda a mtima, anatuluka kuti akakhale pa benchi pa 17 Meyi 1954 pamene chigamulo cha majaji onse 9 chinawerengedwa, kugwetsa m'sukulu mfundo ya mlandu wa Plessy wa 1896 yoti kulekanitsa n'kololedwa bola zinthu zikhale zofanana.

Mtengo wa umodzi umenewo unalipiridwa mu 1955. Chigamulo chachiwiri sichinaike tsiku lomalizira. Chinatumiza ntchito kwa majaji a makhoti ang'onoang'ono a boma lalikulu, ambiri mwa iwo okhala m'matauni omwewo a atsankho, n'kuwauza kuti zichitike mwachangu koma mosamala. Okana anamva mawu oti mosamala okha. Mu 1956 aphungu ndi maseneta 101 a kum'mwera anasaina chikalata chokana chigamulocho. Mu 1957 ku Little Rock panafunika asilikali kuti ana 9 alowe m'kalasi. Dera la Prince Edward County ku Virginia linatseka sukulu zonse za boma kuyambira 1959 mpaka 1964 m'malo mosakaniza ana. Patapita zaka 10, ana akuda ophunzira ndi azungu m'zigawo za kum'mwera kwenikweni sanafike 2 pa 100 alionse. Zinthu zinasuntha pamene lamulo la 1964 la ufulu wa anthu linalola boma lalikulu kudula ndalama kwa sukulu zokana. Khoti lilibe apolisi ndipo silisunga thumba la ndalama, ndiye chigamulo chopanda tsiku chinali chofooka kawiri.

Nangondo

Zikomo akuluakulu, zamveka. Chatsala n'chimodzi. Ena amati zonse zimene anachita ku khoti kunali kulapa chifukwa cha misasa ija. Inu mukuona choncho?

Loya Wopuma

Mayi, nkhani ya kulapa ndi yokoma kuimva koma umboni wake ndi wochepa. Wolapa akanapepesa pamene ana a m'misasa aja ankam'pempha kutero kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo sanatero. Chooneka bwino n'choti munthuyu nthawi zonse ankayamba ndi funso loti chofunika kuchitika n'chiyani, lamulo n'kulifunafuna pambuyo. Ku khoti ankadziwika ndi kudula loya pakati pa mfundo n'kumufunsa ngati zimene akunenazo n'zachilungamo. Kaganizidwe kameneka kanabala Brown, ndipo komweko kanabala mapu a 1942, pamene iye ankakhulupirira kuti chofunika ndi chitetezo. Otsutsa ake, kuphatikizapo Frankfurter ndi John Harlan pa benchi yomweyo, ankadandaula ndi chimenechi.

Pali milandu iwiri pamene anagwetsa zimene iye mwini ankachita. Woyamba ndi Miranda, wa pa 13 Juni 1966, majaji 5 kwa 4. Chigamulo chinati wapolisi asanafunse munthu amene ali m'manja mwake, amuuze kuti ali ndi ufulu wokhala chete, kuti chimene anene chidzagwiritsidwa ntchito m'khoti, kuti ali ndi ufulu wa loya, ndipo ngati alibe ndalama boma limupezera. Akapanda kutero, kuvomera mlanduko sikulandiridwa ngati umboni. Warren ankadziwa za m'chipinda chofunsira anthu kuposa jaji wina aliyense pamenepo. Mu 1936, pa mlandu wa kuphedwa kwa injiniya wa chombo cha Point Lobos, ofesi yake inagwiritsa ntchito makina omvetsera mobisa ndipo mmodzi wa oganiziridwa anafunsidwa maola ambiri wopanda loya. N'chifukwa chake chigamulo cha Miranda chimatchula mabuku ophunzitsira apolisi mwatsatanetsatane, kusonyeza mmene amam'patulira munthu kwa abale ake, wina kudzionetsa waukali wina wachifundo. Ernesto Miranda mwini wake sanapulumuke: anazengedwanso popanda kuvomera kuja, n'kupezekabe wolakwa. Chenjezo lofanana ndi limeneli lili mu gawo 42 la malamulo aakulu a Malawi. Ndipo musaganize kuti anatembenukira apolisi kotheratu, chifukwa mu 1968 pa mlandu wa Terry analemba yekha kuti wapolisi angathe kuimitsa munthu n'kumupapasa kufuna chida ngati ali ndi chifukwa chomveka chom'kayikira.

Wachiwiri ndi wa malire a madera a aphungu. Mu 1948, ali bwanamkubwa, anateteza dongosolo la Seneti ya California limene linkapatsa Los Angeles County seneta mmodzi yekha. Pofika 1960 dera limenelo linali ndi anthu 6 miliyoni, pamene dera laling'ono kwambiri la kumapiri, la anthu osafika 15,000, linalinso ndi seneta mmodzi. Mu 1964 pa mlandu wa Reynolds, wochokera ku Alabama kumene malire anali asanasinthidwe kuyambira 1901, analemba kuti nyumba zonse ziwiri za malamulo za chigawo zizigawidwa potsata chiwerengero cha anthu. Dongosolo la kwawo lija linagwa nacho chigamulochi. Iye mwini ankati mlandu wofunika koposa pa nthawi yake unali wa Baker wa 1962, umene unatsegula khomo loti makhoti azimva nkhani za malire, osati wa Brown.

Chisale wa ku Ntcheu

Kungowonjezera za mathero ake, poti palibe wazitchula. Utsogoleri wa komiti yofufuza imfa ya Pulezidenti John Kennedy sanaufune, Pulezidenti Lyndon Johnson anachita kumuumiriza mu Novembala 1963. Lipoti linatuluka mu Seputembala 1964 lonena kuti Lee Harvey Oswald anachita yekha. Warren anakana kuti zithunzi za thupi la Kennedy zilowe mu umboni wa komitiyo pofuna kulemekeza banja, ndipo mpata umenewu ndi umodzi mwa imene okayika akhala akulowerapo mpaka lero.

Kupuma kwake nakonso kunavuta. Mu Juni 1968 analemba kalata yoti apuma akangovomerezedwa wolowa m'malo mwake, cholinga chili choti asankhe ndi Johnson, osati Richard Nixon, mdani wake wakale wa ku California. Johnson anatchula Abe Fortas, mmodzi wa majaji a khotilo, koma maseneta anatseka mpata wovota polankhula mosalekeza, ndipo mu Okutobala dzinalo linachotsedwa. Nixon anapambana chisankho, Warren n'kumulumbiritsa yekha mu Januwale 1969. Anachoka pa 23 Juni 1969, mpando n'kupita kwa Warren Burger wosankhidwa ndi Nixon. Anamwalira pa 9 Julayi 1974 ndipo anaikidwa ku manda a asilikali ku Arlington.